Mphuno ya Bambo Ili M'makina

Chaka chomwe mliri unatseka dziko
bambo anga, a Wendell Rourke, anataya mphuno.
Siinagwe ayi. Ikadali pomwepo,
yofiira ndi chisanu cha m'mapiri a Mendocino,
koma khofi, utomoni wa paini, ubweya wonyowa wa galu wawo,
zonse zinasanduka madzi a pampopi.

Zaka makumi atatu akhala akukwatitsa chamba.
Mkwatibwi anachokera kumapiri a Afghanistan,
wamfupi, masamba otambalala ngati chikhatho cha mmisiri,
wofulumira kukhwima poopa kuzizira.
Mkwati ndi wa ku Oaxaca, wamtali, wowonda,
wochedwa ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.
Mungu ankautola ndi kaburashi kopentera
n'kuusunga mu envulopu m'firiji, pafupi ndi batala.

Njere mazana awiri zinamera.
Ana a mimba imodzi,
koma uyu watengera msinkhu wa atate,
uyo tulo ta amayi,
wina sanatengere aliyense, akungonunkha tayala lopsa.
Bambo ankayenda m'mizere, kufinya duwa ndi zala,
kununkhiza, kuzula,
kununkhiza, kusiya.
Mphuno ndiyo inali woweruza, ndipo kunalibe apilo.

Lero amandibweretsera timabotolo ku labu ku Ukiah
kumene boma limafuna manambala pa chilichonse chogulitsidwa.
Makina amatenthetsa kachidutswa,
nthunzi n'kuthamanga m'kapaipi kopyapyala ngati ulusi,
papepala n'kutuluka timapiri tosongoka.
Ndimawawerengera:
lalitalili ndi mirisini, yemwe amapezekanso m'mango wakupsa;
lotsatiralo limonini, wa m'khungu la ndimu;
kakang'onoko kariyofilini,
tsabola wakuda uja mumawaza pa mazira.

Amakhala duu.
Kenako: "Nanga fungo la mvula yoyamba padenga la shedi lili pati?
Nambala 47 anali nalo."
Ndimati makina alibe dzina la chimenecho.
"Ndiye kuti makina akowo ali ndi chimfine ngati ine."

Ndimawauza za majini,
osati ogwira anthu usiku,
koma timalemba tobisika m'njere, tolamula fungo ndi mphamvu.
Amandidula: nthambi ya mtengo umodzi
anaibzala kuchigwa cha Covelo, ina kufupi ndi nyanja,
ndipo zinakula ngati sizinaonanepo.
Malemba ndi amodzi, akutero, koma dothi ndilo limawerenga mokweza.

Madzulo ena a Okutobala, titamaliza kudula,
zala zikumatirira ngati tagwira ulimbo,
anayatsa 47 pakhonde.
Anayamba kulankhula ndi wa ku Oaxaca:
nkhani za lole yawo yoyamba, za apolisi a m'ndege zaka zija,
kuseka mpaka kutsokomola.
Patapita ola anafika wa ku Afghanistan,
mwakachetechete, n'kuwatsitsa mapewa,
n'kumasula msana womwe dokotala anaulephera,
n'kuwatuma kukhitchini kukafuna buledi ndi jamu.

Ine ndinaukokako kamodzi kokha, kalekale.
Kukamwa kunauma gwa,
mtima unagunda ngati wotsekeredwa m'chimbudzi,
ndinawerenga matabwa a kudenga kasanu
ndili wotsimikiza kuti aneba onse akundimva kuganiza.
Duwa lomwelo, nyumba ziwiri.
Papepala langa palibe kaphiri kofotokoza zimenezo.

Atabwerako kukhitchini anali ndi ndimu m'manja.
Analibaya ndi chikhadabo,
n'kuliika pamphuno nthawi yaitali,
yaitali moti galu anadzuka kudzawayang'ana.

"Mwamva kanthu?"

"Ayi," anatero.
"Koma ndapeza pamene fungolo linkakhala.
Mpando wake ukadali wofunda."

M'mawa mwake anandipatsa timabotolo tina khumi ndi tiwiri,
aliyense ndi nambala yake pa tepi,
ndipo pa kamodzi analembapo ndi pensulo:
aka ununkhize wekha, usapatse makina.