Buledi Wapansi pa Simbi

Tchizi ndagula ku Boma, kachidutswa ngati sopo wotsala.
Mtengo wake sindinena, mayi ako ali pakhondepo.
Ndathamanga nako pa kabaza
kuopa dzuwa la Mangochi lingandilawire.

Sigele, bweretsa simbi.
Ayi, sitikusita malaya.
Asisitere a ku Italiya ndinkawaphikira aja
anali ndi makina otseka kukamwa ngati ng'ona ya mu Shire.
Ife tili ndi mbaula, chiwaya,
ndi simbi ya makala ya malemu amalume ako atelala.

Buledi wadzulo ndiye womvera.
Tomato umudule mopyapyala,
umuwaze kamchere, ayambe walira.
Tsamba lawo lonunkhira lija kuno kulibe,
kathyole mpungabwi kuseri kwa bafa,
masamba awiri okha,
tingathawe m'nyumba pamodzi ndi udzudzu.

Mafuta pang'ono. Sanjika. Kanikiza.
Usasuzumire, moto sukonda mafunso.
Ukamva tsiii, tembenuza.

Taona ulusiwo
wachoka pamlomo pako, wafika pachigongono!
Seka, mwanawe.
Zaka khumi ndi zinayi ndinkaperekera ena pa mbale yoyera.
Lero ndi loyamba
kudya wanga ndili chikhalire.