Chigoba cha Mkuwa

M'bokosi langa la masipanala,
pakati pa masipoko ndi zigamba za chubu,
muli chigoba cha chipolopolo.
Ndinachitola ndili mwana
pafupi ndi nkhokwe yathu ikufuka utsi,
m'mawa womwe achimwene Belemiro sanadzuke.
Ndinachifumbata mpaka ku Chanida,
mpaka ku Ukwimi, m'mizere ya ufa ndi nyemba,
mpaka kuno ku Kapata
komwe ndimawongola malimu a njinga za makala.

Kunsi kwake kuli manambala.
A Mwanjabantu, aphunzitsi opuma,
anawayang'ana tsiku lina podikira pedulo,
magalasi ali pamphuno,
nati ichi chinasulidwa kutsidya kwa nyanja zamchere,
dziko lomwe madzi amauma gwa ndi chisanu.

Chiyambire pamenepo ndimamuganizira munthuyo.
Ankalawira ngati ine,
mkate m'thumba, mafuta m'zikhadabo.
Pakutha pa mwezi analandira zake,
nagulira mwana wake nsapato.
Wina anasaina. Wina anawerengetsa chiwongoladzanja.
Sitima inakocheza padoko, mabokosi anatsitsidwa,
pepala likuti katundu wa boma.

Koma msilikali wa boma anali ndi njala,
anasinthanitsa mfuti ndi thumba la chimanga.
Wa m'tchire naye anali ndi omutumizira ake.
Mpaka lero sindidziwa
amene anaima pankhokwe paja anali wa mbali iti.
Onse ankalankhula ngati ife,
chitsulo chokha ndicho chinali mlendo.

Nkhondo inatha, anagwirana chanza pa wailesi,
ambiri anabwerera kwawo pa malole.
Mfuti sizinakwere nawo.
Zina zinagona m'miphika pansi pa mitengo ya mango,
zikudzuka imodziimodzi,
iyi kukafuna minyanga ku chigwa,
iyo kukagogoda usiku pakhomo pa wogula fodya.
Ngongole yake akuti ikulipidwabe
ndi ana amasiye omwewo, pa msonkho wa sopo ndi mchere.

Ine ndikamata chubu ndimauza mwini wake:
ikaphwa musanafike ku Mchini, bwererani,
ndikonzanso, simulipira.
Ndi momwe tinaphunzirira malonda.

Madzulo ndikamalongedza zida
chigoba chija chimagubudukira pakona, ngwee.
Ndimachipukuta ndi kansanza ka girizi.
Manambala akuoneka bwinobwino,
zaka makumi anayi, osachita dzimbiri.
Ntchito yabwino, mmisiri mnzanga.
Undiuze kokha khomo lobwezera katundu.