Faelo ya Kamlatho ka ku Chibavi

Matumba khumi ndi awiri a simenti
agona m'chipinda cha ana kuyambira Okutobala.
Awiri apansi auma kale, asanduka miyala.
Mlamu wanga Vinjeru amaimba foni ali ku Joni
Lamulungu lililonse:
"Kamlatho chabe, a Chavula, mapazi khumi,
kakukanikani bwanji inu mmisiri?"

Sikanandikanike ine.
Ndinamanga nyumba ku Katoto zosadontha mpaka lero.
Chandigwira mwendo ndi faelo yobiriwira,
yonyowa m'makona ndi thukuta la m'khwapa mwanga.

Ku khonsolo anati bwerani ndi mapu.
Ndinapita nawo. Anati awa ndi a puloti,
ife tikufuna a madzi:
achokera kuti, alowera kuti, akakwiya amagona pati.
Kwa a zamadzi ndinapeza mpando wopanda mwini,
jekete ili pamsana pake ngati munthu abwera pompano.
Ndinadikira ndi jeketeyo mpaka fayifi.
Kwa a zachilengedwe mtsikana wa magalasi
anandifunsa ngati m'dambomo muli mlulu kapena bango,
ngati ndinaonamo kakowa,
ndipo ine, bambo wa ana anayi, ndinaima njo
kuyankha za mbalame.
"Mwizeso namachero."
Wa kabaza wailoweza njira yanga, safunsanso.

Tsidya lija a Mzumara sanadikire chidindo.
Matipa anabwera usiku magetsi atazima,
kutacha dambo linali ndi dazi lofiira,
pa sabata mpanda unali utafika m'khosi.
Mkazi wanga anangondiyang'ana,
n'kupitiriza kusankha nyemba.

Lachinayi lina la mawawa anatulukira yekha
mtsikana wa magalasi uja, NyaLuhanga,
atavala majombo omukulira.
Faelo sanaitsegule.
Anathyola kamtengo, n'kubaya pomwe ndinakhoma zikhomo zanga.
Atazula, bowolo linadzaza madzi pang'onopang'ono
ngati diso la munthu amene wanyozedwa pagulu.
"Apa si panu," anatero, "ndi pogona mtsinje mu Epulo.
Mwangoupeza uli kuulendo."
Ndinamuuza za a Mzumara. Analemba m'kabuku.
Ndinamuuza za simenti. Sanalembe.

Chilolezo chinatuluka mu Januwale,
masamba atatu, zidindo zinayi, lisiti yomata ndi pini.
Chikuti ndibwerere m'mbuyo mapazi asanu ndi awiri,
makalavati akhale awiri, osati limodzi,
bango ndisalikhudze,
mchenga ndikagule kwina, wa mumtsinjemo ndiusiye,
ndipo ndisakumbe mpaka mvula itakata.
Mvula ya Mzuzu! Imakata liti?
Ndalama ya Vinjeru inali ya kalavati limodzi.

Ndinachipinda kanayi, n'kuchiika m'chitini cha mabisiketi
momwe muli kalata ya ukwati
ndi makadi a sikelo.

Epulo anafika ndi katundu wake yense.
Usiku wachitatu madzi anagogoda pa mpanda wa a Mzumara.
Atakanizidwa anakhota,
n'kukalowa m'nyumba ya mayi wogulitsa makala
amene sanamangepo kanthu m'dambo,
amene sadziwa n'komwe khomo la khonsolo.
Matilesi ake tinawanyamula anthu anayi,
akulemera ngati maliro.
Mpanda uja ulipobe. Aupaka penti.

Zikhomo zanga sindinazione m'mawa mwake.
Pomwe ndinakhoma panali mtsinje,
wamatope, wotanganidwa,
utasenza chigubu, nthochi yozuka ndi nkhuku yakufa.
Sunandiyang'ane n'komwe.

Lero ana akuwolokabe pa thabwa la paini,
nsapato m'manja, makope pamutu.
Ndawerenga mapazi asanu ndi awiri,
ndawonjezera limodzi langalanga,
ndakhoma zikhomo zatsopano.
Vinjeru watha masabata atatu osaimba.

Madzulo achule amatsegula msonkhano wawo m'bango,
onse kuyankhula nthawi imodzi, wapampando palibe,
ndipo ine ndimakhala pa thumba louma lija,
juzi mpaka m'makutu,
kudikira Juni.