Mpweya Wanga Uli ndi Mboni

M'mawa uliwonse kuno ku Sedalia
ndisanapotoze kiyi ndimayamba ndauzira.
Kachipangizo kakuda, kotalika ngati chitsononkho,
kamalendewera pambali pa chiwongolero
n'kumandinunkhiza m'kamwa
monga ankachitira Loretta
masiku amene ankandikonda mpaka kukwiya.

Ndimauzira mpaka m'makutu mulire.
Kakati pii, injini imavomera.
Kakakana, ndiye kuti Wendell Stuckey
sakwera padenga la munthu lero,
ndipo misomali igona m'thumba.

Anali mabotolo anayi, ndinatero kukhoti.
Anali asanu ndi awiri.
Okutobala akutha, chimanga chitachoka m'minda,
msewu wa 65 uli zii,
nyali zofiira ndi zabuluu zinabuka kuseri kwa nkhokwe ya soya.
Wapolisiyo ndi mwana amene ndinafolera nyumba ya bambo ake.
Anati, Bambo Stuckey, tayendani pamzerewu,
chidendene chigunde chala.
Mzere unali umodzi.
Ine ndinkaona iwiri, ndipo ndinasankha umene kunalibe.

Lamulo la Missouri silikalipa. Limangolemba.
Linalemba ziro, kadontho, ziro, eyiti,
pansi pake n'kulemba nambala yanga, yonenepa kuposa apo.
Laisensi inatsala m'thumba la mnyamatayo.
Kenako zinabwera motsatana ngati anthu a pamaliro:
chindapusa, loya wa tayi yamaluwa,
sukulu ya Loweruka yokhala pamipando ya pulasitiki
n'kumaonera zithunzi za magalasi osweka,
a inshuwalansi amene anandimwetulira
akuwirikiza mtengo.

Masiku makumi atatu pikiapu inaima pansi pa mtengo,
chipale chofewa chikuikwirira mphuno.
Ndinkakwera ya Dale, pakati pa makwerero ndi galu wake,
galuyo akundiyang'ana ngati wawerenga chigamulo.

Ndiye kalata inafika, ya envulopu yakawindo.
Msonkho wa galimoto. Ulipidwe chaka chisanathe.
Ndinaseka ndekha kukhitchini mpaka kutsamwa.

Kuofesi ya wokhometsa msonkho, Mayi Kuhlman
anatsitsa magalasi n'kufunsa,
Munali nayo pa 1 Januwale?
Ndinali nayo, koma mayi, siikuyenda.
Ife sitilipiritsa kuyenda, timalipiritsa kukhala nayo.
Popanda lisiti langa simupeza kapepala komata panambala.
Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze za boma ndi dyera lake,
koma pambali pa chidindo chawo panali chithunzi:
mnyamata wa chipewa cha mpira, mano otalikirana.
Pamphambano ya ku Dresden pali mtanda woyera,
maluwa ake apulasitiki anafwifwa kale,
ndipo dzina lolembedwapo limathera ndi Kuhlman.
Sindinafunse. Mwina ndi a Kuhlman ena, alipo ambiri kuno.
Ndinawerenga madola mazana atatu ndi khumi ndi anayi,
ndipo iwo anawerenganso, osandiyang'ana.

Kachipangizoka nakonso kamadya lendi pamwezi.
Tsiku lina kanandikanira chifukwa cha mankhwala otsukira m'kamwa.
Ndinakatukwana dzina la amake,
ndinatafuna buledi, ndinadikira, ndinauziranso.
Ngakhale ndili pakati pa ulendo kamaitana,
ndipo ndimauzira anthu akundiona pamaloboti.

Loweruka Dessa amabwera, zaka zisanu ndi zitatu,
chikwama chake chachikulu kuposa msana.
Anakwera, anamanga lamba, anandionerera ndikufufuma masaya.
Adadi, ndiuzireko?
Ayi mwanawe, kali ndi kamera, ndipo ndi mlandu wina umenewo.
Ndiye kamafuna mpweya wanu wokha?
Wanga wokha.
Anaganiza kaye, akugogoda bondo ndi chala.
Usiku uja kakanakhalapo, bwenzi mutagona kuti?

Kanati pii.
Ndinalowetsa giya, ndinayang'ana kumanzere, kumanja,
kumanzerenso, ngakhale mumsewu munalibe kanthu.
Funso lake linakwera nafe mpaka kusitolo,
ndipo pobwerera linakhala pakati pathu
likunyambita nawo ayisikilimu.