Moto Unasamukira pa Lilime

Miyezi isanu chisiyireni tirigu,
ine wokanda ufa wa anthu ku M'baluku,
wodzuka azana asanamveke, mikono mbuu mpaka m'zigongono.
Buledi ndimangomuona akutuluka mu uvuni
ngati mwana wa eni.

M'mimba munagwa bata, ndisaname.
Koma moto uja sunazime, unangosamuka,
wakwera, wamanga msasa pa lilime.
M'mawa ndi khala lobisala m'phulusa,
masana wakolera,
usiku madzi a mu mtsuko omwe amandilasa ngati kambuzi.

Ndinalitulutsa pa galasi la njinga yamoto ya Jawadu:
losalala, lofiira psuu,
ngati si langa.

Sakina akuti ndi chinanazi, ndi mandimu ofinyira m'phala.
Ndinasiya. Ukuyakabe.
Mlamu akuti ndi mankhwala otsukira mano atsopano aja,
ndinabwerera ku kamtengo kotafuna.
Wina potuluka mu mzikiti anandinong'oneza:
kodi sunadye munthu miseche?
Ndinaseka, kuseka nako kunawawa.

Ku chipatala cha pa boma a Ndembo anaunika ndi tochi ya foni.
"Matumbo anu anakalika kalekale,
ali ngati sefa yong'ambika,
ayironi ndi mavitamini zimangopitirira.
Mu ufa wa tirigu amathiramo zina zothandiza magazi,
nazonso munazitsanzika osadziwa.
Mwina ndi chilungulira chokwera mutagona.
Mwina shuga. Mwina tizilonda toyera.
Mwina malovu angouma ndi Okutobala wathu uno."
Anakhala chete, maso pa zikhadabo zanga.
"Nanga fumbi limene mumameza ku ntchito?
Nanga chitumbuwa chokazingidwa m'mafuta a mandasi?
Tiyeze magazi. Kuombeza ayi."

Zotsatira akuti Lachinayi.

Ndawoloka mlatho wapansi, thonje lili pa mkono,
ndikuwerenga ma mwina a Ndembo ndi zala,
zala zatha, ma mwina atsala.
Pa msika ndagula chiwindi cha mbuzi, kachidutswa,
ndi mpukutu wa bonongwe,
ndauza Sakina kuti tsabola akhale kaye kwawo.

Mnyamata wa buledi wa ku Chiponde wandiitana dzina,
dengu lake likununkhira dziko limene ndinathamangitsidwako.
Ndamuyankha ndi dzanja lokha.

Mawa ndikamanga kansalu pa mphuno pokanda.
Anzanga akaseka, aseke.
Lilime ili ndilo lidzatchule mayina a zidzukulu zanga,
sindilisiya lipserere
ndisanadziwe amene anasonkha moto.