Phokoso la Pansi pa Mpando

Linayamba mwezi wometa nkhosa,
pa msewu wamiyala wotsikira ku Esquel,
komwe mphepo ya ku Patagonia imakankha galimoto
ngati munthu wodzalonjerera ngongole.
Silinali kulira, silinali kugogoda.
Kung'ung'udza chabe, guuu,
pansi pa mpando, pakati pa mapazi anga ndi nthaka.
Ndikachotsa phazi pa moto,
gwe! kamodzi kokha,
ngati wina wagwetsera sipanala m'chitini.

Pikiapuyi inali ya malemu bambo anga.
Anandisiyira pamodzi ndi nkhosa mazana atatu
ndi galu wokana kumvera mluzu wa munthu wina.

Ndinasintha matayala. Linalipobe.
Ndinakhuthula oyilo wa mu difu,
wakuda bii, wonunkha ngati dzira losukusa,
ndinapisamo chala kufuna tizitsulo tonyenyeka,
chala chinabwerako chopanda umboni.
Mnyamata wa pagalaja m'tauni anati ndi beringi ya kumbuyo.
Ndinalipira.
Ndisanawoloke mlatho wachiwiri, guuu.

Ndiye ndinapita kwa Evaristo Llancapán,
mkulu wogontha khutu lakumanzere
ndipo lakumanja limangomva zimene lafuna.
Sanatsegule boneti.
Anati: Nélida, yendetsa.
Anagona chafufumimba kumbuyo,
pakati pa mabelo awiri a ubweya,
nsonga ya sikuludiraiva pa chitsulo,
chigwiriro chake ataluma ndi mano.
Makutu amanama, anatero,
koma fupa la nsagwada silidziwa bodza.

Makilomita sikisite pa ola.
Sevente.
Anamenya denga ndi chikhatho: ima!

Tinakweza pa jeke, tinatsamiritsa pa zipika.
Pansipo panali fumbi la zaka makumi awiri
ndi udzu wouma wa m'zigwa zimene ndinaziiwala mayina.
Anagwira pulopela shafiti ndi manja onse,
kuigwedeza uku, uku,
ngati wogula mwana wa ng'ombe akuyesa miyendo.
Kamtanda kakumapeto kanali ndi mpata,
tisingano take titauma, dzimbiri lofiira ngati tsabola wosinja.
Ilo ndiye gwe lako, anatero.
Nanga guuu?
Sanayankhe.

Anapukuta girizi ndi chala chachikulu,
pang'onopang'ono, kutsata chitsulo,
mpaka panaoneka kadontho ka penti wachikasu.
Kenaka kena, mbali inayo.
Tiwirito tinayenera kuyang'anizana.
Tinali titasemphana mano atatu.

Penti ndinamuzindikira.
Ndi yemwe bambo ankalembera nkhosa pamsana.
Iwo akamasula chinthu ankasiya chizindikiro
kuti chidzabwerere mmene chinalili.
Amene anabwezeretsa shafitiyo mwezi wa Ogasiti,
m'chipale, tochi ali kukamwa,
akufulumira kuthamangira kuchipatala,
anali ine.

Evaristo sanandiyang'ane.
Anangoti: ndipatsire sipanala ya fotini.

Tinachotsa kamtanda kakale ndi hamala ndi soketi,
katsopano tinakalowetsa mwaulemu,
kasingano kamodzi kasagwe chammbali.
Tinakumanitsa madontho.
Mabawuti anayi, aliyense kumumanga kawiri.
Girizi mpaka atatumphukira m'mbali.
Malipiro anakana, anatenga nkhosa imodzi yothena
ndi lonjezo loti ndigula penti wanga.

Pobwerera mphepo inali itagona.
Sikisite. Sevente. Eyite.
Ndinachotsa phazi pa moto, kudikira.
Zii.
Timiyala tokha tikuthethekera pansi,
galu atatsamira chibwano pa bondo langa.

Miyezi isanu ndakhala ndikutukwana phokosolo,
kuliopseza, kulitchera khutu m'mawa uliwonse.
Lero lapita,
ndipo m'galimoto muno mwakula
ngati m'nyumba alendo a pamaliro atabalalika.
Ndinatsegula wailesi.
Ndinaitsekanso.
Ndinayenda choncho mpaka pa geti,
dzanja limodzi pa chiwongolero,
linalo pa mpando wopanda munthu.