Osasiya Mpunga

Pansanjika yachitatu, pamwamba pa sitolo ya magalasi,
mphindi ziwiri kuchoka pa siteshoni ya Tennoji,
anatikhazika pafupi ndi zenera
n'kuika kawotchi patebulo ngati tabwerera mayeso.
Mphindi makumi asanu ndi anayi.
Idyani sushi mmene mungathere, linatero pepala la pakhoma,
koma m'munsi mwake, m'tizilembo tonga nyerere:
wosiya mpunga alipira mayeni zana pa kambamu kalikonse.

Mlongo wanga Hayato anali atasala chakudya chiyambire dzulo.
Lamba anamasula asanakhale n'komwe,
chala chili go go go pa thabuleti:
tuna khumi, salimoni khumi, mkunga wootcha,
nkhanu, mazira a nsomba ofiira ngati mikanda.
Tibweze ndalama zathu, anatero,
lero aluza ndi eni malo.

Bambo anangokhala duu.
Zaka makumi anayi anayendetsa takisi m'misewu ya Osaka,
kudya chiwongolero chili pamimba, injini ikulira,
ndipo lero, miyezi isanu chimwalirire mayi,
anamanga tayi kuti abwere kuno.

Mbale zinayamba kugwa ngati mvula ya mu Juni.
Mnyamata wozibweretsa, pachifuwa palembedwa Khoa,
ankatchula dzina la nsomba iliyonse mosamala
ngati akuwoloka mtsinje pa miyala yoterera.
Wasabi anandikwera m'mphuno n'kutulukira m'maso.
Ndinamuthokoza chamumtima:
misozi yanga inapeza wonamizira.

Itakwana mphindi ya makumi asanu, nthabwala za Hayato zinauma.
Kenako anayamba kusenda:
nsomba m'kamwa, mpunga pambali,
kaphiri koyera n'kumakula kuseri kwa botolo la soya.
Ndinawerenga. Khumi ndi tinayi.
Pansi pa tebulo ndinatsegula chikwama,
ndinayala kampango pamwendo,
mbala yoba chimene yalipira kale.

Bambo anandigwira padzanja.

Mbale ija anaikokera kwa iwo,
timitengo todyera n'kutigoneka pambali,
nayamba kutola ndi zala, kamodzikamodzi,
mpunga wamaliseche, wozizira, wowawasa viniga,
wotsala ndi chidindo chokha cha nsomba imene yapita.
Ankatafuna modekha, mano oikirira akuti khe, khe.
Mayi anu, anatero ali pa kachisanu ndi chitatu,
ankagwada kutola njere imodzi yogwera pansi,
amvekere muli milungu isanu ndi iwiri m'menemo.
Ine ndinkawaseka.

Hayato anayang'ana panja, kumene kunalibe choona
koma sitima zikulowa ndi kutuluka.
Kenako anatambasula dzanja, natola kamodzi nayenso.
Ine kawiri.
Kaphiri kanatha tili chete, mimba zikupempha chifundo.

Kuitanitsa komaliza, anatero Khoa, kwatsala mphindi khumi.
Tinapukusa mitu. Bambo anakweza chala:
dzira lotsekemera, limodzi basi.
Lotchipitsitsa pamndandanda wonse,
limene ana amayambira ndipo akulu amalinyoza,
limene mayi ankatsirizira nthawi zonse
n'kunena kuti mphika wabwino umadziwika ndi dzira.

Linabwera lachikasu, lomangidwa m'chiuno ndi lamba wakuda wa ndere.
Bambo anasuntha kambaleko pang'onopang'ono
mpaka pamaso pa mpando wachinayi,
pamene tinaunjika majasi athu.
Anathira tiyi wobiriwira m'kapu yosagwiritsidwa ntchito.
Nthunzi inakwera, inapindika, inatha.

Kawotchi kanalira.

Palibe anakhudza dziralo.
Bambo anapisa m'thumba la jekete,
natulutsa kandalama kasiliva, zana lathunthu,
n'kukaika pambali pa kambale, pansi pa lamulo la pakhoma.
Khoa anayang'ana dzira, kapu, majasi, tayi.
Anatsegula pakamwa, natsekanso.
Kandalamako anakalandira ndi manja awiri.

Potsika masitepe Hayato ankagwira khoma, akubuula.
Bambo anali patsogolo,
akunyambita kanjere kotsalira pa chala chachikulu.